Momwe mungayendetsere labotale ya kafukufuku pa yunivesite kuti anthu asavulale

Labotale ya pa yunivesite imasiyana ndi ya ku fakitale pa chinthu chimodzi chachikulu. Ku fakitale ntchito imakhala yomweyomweyo chaka ndi chaka, ndipo oigwira amaidziwa bwino lomwe. Pa yunivesite ntchito imasintha sabata ndi sabata, popeza kafukufuku ndi kuyesa zimene sizinayesedwepo. Anthu nawonso sakhalitsa: wophunzira akangozolowera zida, maphunziro ake atha, kwabwera wina wachilendo. Ngozi zoopsa zambiri zimachitika pamene china chake chasintha, kaya kuchuluka kwa mankhwala, chida, munthu kapena nthawi yogwirira ntchito, koma palibe amene anakhala pansi n'kulingaliranso. Malangizowa ndi a mkulu wa labotale, akatswiri osamalira zida, ndi ophunzira onse amene amagwira botolo ndi manja awo.

1. Dziwani zimene zili m'chipindamo

Yambani ndi kalembera. Tsegulani kabati iliyonse, firiji iliyonse ndi pansi pa sinki pomwe, mulembe dzina la mankhwala, kuchuluka kwake, tsiku limene anafika, tsiku limene anatsegulidwa ndi mwini wake. Muzichita zimenezi anthu awiri, mutavala zodzitetezera, chifukwa m'makabati akale mumapezeka zinthu zoiwalika zaka zambiri.

Pali mabotolo ena amene mukawapeza musawakhudze. Diethyl ether, THF, dioxane ndi isopropyl ether akakhalitsa atatsegulidwa amagwirizana ndi mpweya n'kupanga ma peroxide, mankhwala ophulika. Mukaona timiyala toyera pakamwa pa botolo kapena pansi pake, kupotokola chivindikiro kokhako kungaliphulitse. Picric acid ndi chimodzimodzi: amasungidwa wonyowa, akauma amakhala bomba. Mabotolo otere asiyeni pomwe ali, tchingani malowo, muitane ofesi ya zachitetezo ya pa yunivesite. Botolo lopanda dzina nalonso musalinunkhize kapena kulithira mu sinki kuti mudziwe kuti muli chiyani.

Mankhwala aliwonse akhale ndi chikalata chake cha chitetezo, chotchedwa SDS, chimene amapereka opanga. Chili ndi magawo 16, koma amene muyenera kuwerenga musanatsegule botolo ndi gawo 2 la kuopsa kwake, gawo 4 la chithandizo choyamba, gawo 7 la kasungidwe, gawo 8 la zodzitetezera, ndi gawo 10 lonena za zinthu zimene sayenera kukumana nazo. Zikalatazi zikhale pamalo poti munthu angazipeze magetsi atazima, osati mu kompyuta ya munthu mmodzi yokha.

2. Lembani kaye, kenako yesani

Pano ndi pofunika kudekha kuposa pena paliponse. Ntchito yatsopano isanayambe, woigwira alembe tsamba limodzi kapena awiri oyankha mafunso awa. Ndigwiritsa ntchito chiyani, chochuluka bwanji? Chingalakwike n'chiyani pa gawo lililonse, kuyambira poyeza mpaka potsuka ziwiya? Chikalakwika, choipitsitsa chimene chingachitike n'chiyani? Nanga magetsi akazima, madzi oziziritsa akasiya kuyenda, kapena ndikaitanidwa panja, ntchitoyo itsala bwanji? Mkulu wa labotale awerenge tsambalo ndi kusainira. Asasainire mongothamanga ali pakhomo. Afunse funso limodzi kapena awiri kuti aone ngati wolembayo akumvetsa zimene walemba.

Poteteza, pali ndondomeko yake. Choyamba onani ngati chinthu choopsacho mungachichotseretu kapena kuikapo china chofatsa: toluene m'malo mwa benzene pamene zingatheke, choyezera kutentha cha dijito m'malo mwa cha mercury, sopo wa mu labotale m'malo mwa chromic acid potsuka ziwiya zagalasi. Zikakanika, tchingani ngoziyo ndi chida, monga kabati yokoka mpweya kapena chishango cha pulasitiki yolimba. Kenako pamabwera malamulo a kagwiridwe ka ntchito. Magolovesi ndi gawuni amabwera kumapeto, chifukwa ntchito yawo imayamba zina zonse zitalephera kale.

Tsambalo likhale ndi malire olembedwa m'manambala: osapitirira magalamu akutiakuti, osapitirira madigiri akutiakuti. Mu January 2010, pa Texas Tech University ku America, wophunzira wina anapanga magalamu pafupifupi 10 a nickel hydrazine perchlorate, mankhwala ophulika, pomwe aphunzitsi ake ankaganiza kuti aliyense akudziwa kuti sayenera kupitirira mamiligalamu 100. Malirewo sanalembedwe paliponse. Akuphwanya zibuma za mankhwalawo mu kamtondo, anaphulika, ndipo anaduka zala zitatu, anapsa manja ndi nkhope, diso linavulala. Bungwe la US Chemical Safety Board litafufuza linapeza kuti vuto silinali la wophunzirayo yekha, koma la kayendetsedwe konse ka labotale ndi ka yunivesite.

Chifukwa chimene kuchulukitsa n'koopsa chili m'masamu wamba. Mukachulukitsa zosakaniza kakhumi, kutentha kumene zimatulutsa kumachuluka kakhumi, koma khoma la botolo lotulutsira kutenthako limakula kasanu kokha, mwinanso osafika. Zimene zinkangofunda pang'ono mu kabotolo kakang'ono zimawira n'kusefukira mu botolo lalikulu. Choncho chulukitsani pang'onopang'ono, kawiri kapena katatu pa ulendo umodzi, ndipo ulendo uliwonse tsamba lija liwerengedwenso. Liwerengedwenso mukasintha madzi osungunulira, mukasintha chida, kapena ntchito ikaperekedwa kwa munthu wina.

3. Sungani mankhwala potsata khalidwe lake, osati zilembo

Kundandalika mabotolo kuyambira A mpaka Z kumaoneka kwaudongo, koma kumaika adani pa shelefu imodzi. Gawani motere: ma asidi paokha, ma base (otsutsana ndi asidi) paokha, zoyaka msanga mu kabati yake yachitsulo, zopereka okosijeni ku moto monga ma nitrate, ma permanganate ndi hydrogen peroxide kutali ndi zoyaka, ndipo zodana ndi madzi monga sodium ndi lithium aluminium hydride pouma, osati pansi pa sinki. Nitric acid ngakhale ndi asidi asakhale pamodzi ndi acetic acid, chifukwa woyambayo amayatsa, wachiwiriyo amayaka. Ma cyanide ndi ma sulfide atalikirane ndi asidi aliyense, chifukwa akakumana amatulutsa mpweya wakupha.

Zamadzimadzi zowononga khungu zikhale m'munsi mwa msinkhu wa maso, zitaikidwa m'thireyi ya pulasitiki yoti botolo likasweka zonse zitsalire momwemo. Ponyamula botolo lalikulu lagalasi kuchoka chipinda china kupita china, liikeni mu ndowa ya labala, musaligwire pakhosi.

Firiji ya kunyumba si yosungira ether, acetone kapena pentane. Mkati mwake muli swichi ya nyali ndi kachida kowongolera kuzizira, ndipo zonsezi zimathetheka. Nthunzi ikadzaza usiku wonse, kuthetheka kumodzi kumakwana kuchotsa chitseko. Pamafunika firiji yopangidwira zoyaka, yopanda chothetheka mkati. Ndipo mu firiji iliyonse ya mu labotale musalowe chakudya kapena madzi akumwa.

Chilichonse chimene mwathira m'chiwiya china chilembedwe nthawi yomweyo: dzina lonse la mankhwala, mphamvu yake, tsiku, ndi dzina lanu. Zidule zimene mumazidziwa nokha sizithandiza wozimitsa moto kapena wophunzira wa chaka chamawa.

4. Kabati yokoka mpweya

Kabati imeneyi, imene mu labotale amaitchula kuti fume hood, imateteza pokhapokha ikukoka. Mpweya pakamwa pake uyenera kuyenda pafupifupi theka la mita pa sekondi, pakati pa 0.4 ndi 0.6. Ukachepa, nthunzi imatulukira kumaso kwanu; ukachuluka kwambiri, umazungulira n'kubwezanso zimene umayenera kukoka. Akatswiri aiyeze kamodzi pa chaka ndi kumata tsiku lake pakhoma la kabatiyo. Inuyo tsiku lililonse yang'anani choyezera chake musanayambe, ndipo ngati palibe, matani kachidutswa ka tishu m'munsi mwa galasi: kayenera kuweramira mkati.

Gwirani ntchito masentimita 15 kulowa mkati kuchokera pakamwa. Galasi lotsetsereka likhale pa mzere umene unalembedwa, kawirikawiri masentimita 45 kapena kutsika, kuti likhale pakati pa nkhope yanu ndi ntchitoyo. Mutu usalowe mkati. Mukachoka, tsitsani galasilo mpaka pansi. Cholakwika chofala ndi kusandutsa kabatiyi nkhokwe: mabotolo akadzaza kumbuyo amatseka mipata yotulukira mpweya. Chida chachikulu chikwezeni pa timiyendo masentimita 5 kuti mpweya udutse pansi. Feni, zenera lotsegula kapena munthu wodutsa mothamanga kumbuyo kwanu zimasokonezanso kukokako.

Musasokoneze makabati atatu ooneka mofanana. Fume hood ndi ya nthunzi za mankhwala. Biosafety cabinet ndi ya tizilombo toyambitsa matenda. Sefa yake ya HEPA imagwira tizilombo ndi fumbi koma nthunzi ya mankhwala imadutsa, ndipo makabati ambiri amtunduwu amabwezera mpweyawo m'chipinda. Yachitatu, clean bench, imauzira mpweya woyera kuchokera mkati kulunjika kwa munthu. Imateteza ntchito yokha, munthu ayi. Mukaikamo tizilombo kapena mankhwala oopsa ndiye kuti mukudziuzira nokha kumaso.

5. Zovala

Magalasi oteteza maso avalidwe ndi aliyense wolowa, ngakhale amene wangobwera kudzafunsa funso, chifukwa chophulika chimakhala cha mnzanu wa tebulo lina. Magalasi owerengera sakwanira, alibe zotchinga m'mbali. Pothira asidi wambiri valani magalasi omata kumaso konse, ndi chishango cha nkhope pamwamba pake. Nsapato zikhale zotseka, miyendo yophimbika, tsitsi lalitali lomangidwa.

Gawuni ikhale ya thonje, yomangidwa mabatani, ndipo kwa ogwira zoyaka zokha zikakumana ndi mpweya ikhale ya nsalu yosagwira moto. Pa 29 December 2008, pa University of California ku Los Angeles, mtsikana wa zaka 23 wothandiza pa kafukufuku ankakoka ndi sirinji tert-butyllithium, mankhwala oyaka okha akakumana ndi mpweya. Chokankhira cha sirinjiyo chinasololoka, mankhwalawo anayaka, ndipo iye sanavale gawuni. Juzi yake ya nsalu ya pulasitiki inagwira moto. Anamwalira patapita masiku 18. Nsalu za poliyesita ndi nayiloni zimasungunuka n'kumatirira pakhungu. Kwa ogwira mankhwala otere: sirinji ikhale yaikulu kuwirikiza kawiri mlingo umene mukukoka, singano yake ikhale yokhoma, botolo limangidwe pa choimikira, zosungunulira zina zonse zichotsedwe m'kabati, ndipo mnzanu wodziwa ntchitoyo aime pafupi. Mlingo ukakula, siyani sirinji, gwiritsani ntchito kapaipi kachitsulo kosamutsira.

Za magolovesi pali chinyengo chimene ambiri sachidziwa. Palibe golovesi yotchinga chilichonse. Mu August 1996, Pulofesa Karen Wetterhahn wa pa Dartmouth College ku America, katswiri wa zitsulo zapoizoni, anadonthezera timadontho tochepa ta dimethylmercury pa golovesi ya latex. Patapita miyezi isanu anayamba kudzandira ndi kulephera kulankhula bwino, ndipo anamwalira mu June 1997. Atayesa pambuyo pake anapeza kuti mankhwalawo amadutsa latex m'masekondi osapitirira 15. Golovesi ya nitrile yopyapyala imene ili m'malabotale ambiri nayonso siichedwa kudutsidwa ndi dichloromethane kapena acetone. Onani tchati cha opanga magolovesi cha nthawi imene mankhwala anu amatenga kuti adutse. Golovesi ikadontheredwa, ivuleni pompo, sambani m'manja, valani ina. Ndipo musagwire chitseko, foni kapena kiyibodi mutavala magolovesi.

6. Masilinda a gasi ndi zozizira kwambiri

Silinda iliyonse imangidwe ku khoma kapena ku tebulo lolimba ndi tcheni, pa magawo awiri mwa atatu a kutalika kwake. Poisuntha chotsani regulator (chida chowongolera mphamvu ya gasi potuluka), vindikirani chipewa chake chachitsulo, muikweze pa ngolo yake. Silinda ikagwa valavu n'kuthyoka, imauluka mpaka kuboola khoma. Regulator ya gasi wina isaikidwe pa gasi wina, ndipo ikakana kulowa musaikakamize. Mazinga ake anawasiyanitsa dala. Pa okosijeni pasakhudze girisi kapena mafuta, chifukwa amayaka okha. Masilinda osungidwa a okosijeni atalikirane ndi a gasi woyaka mamita 6, kapena pakhale khoma losagwira moto pakati. Pofufuza potuluka gasi pakani madzi a sopo polumikizira muone thovu. Potsegula valavu imani chammbali, osati kutsogolo kwa geji, ndipo tsegulani pang'onopang'ono.

Nayitirojeni wamadzi amazizira kufika madigiri 196 pansi pa ziro, koma kupsa ndi kuzizira si ngozi yake yaikulu. Lita imodzi ikasanduka mpweya imakhala malita pafupifupi 700. Mpweya umene timapuma uli ndi okosijeni 21 pa 100 alionse, ndipo nayitirojeni akamuthamangitsa thupi silichenjeza: palibe fungo, palibe kubanika, munthu amangogwa. N'chifukwa chake chipinda chosungira nayitirojeni chimafunika mpweya woyenda ndi alamu yolira okosijeni akatsika kufika 19.5 pa 100. Musakwere chikepe limodzi ndi thanki ya nayitirojeni. Itumizeni yokha, mnzanu akailandire pamwamba. Musasunge nayitirojeni kapena dry ice (carbon dioxide woundana) m'chipinda chozizira, chifukwa zipinda zimenezi zimangozunguliza mpweya womwewo. Musazitsekere m'botolo lomata, liphulika. Mukaona mnzanu wagwa m'chipinda chotere, musathamangiremo. Anthu ambiri amafa akupulumutsa anzawo. Tsegulani zitseko muli panja, muitane opulumutsa okhala ndi zopumira.

7. Tizilombo, magazi ndi zobaya

Malabotale a tizilombo amagawidwa m'magulu anayi, kuyambira BSL-1 mpaka BSL-4, malinga ndi kuopsa kwa zimene amagwira. Buku la World Health Organization la chitetezo cha m'malabotale otere, limene linatulukanso kachinayi mu 2020, limatsindika kuti muyang'ane ntchito yeniyeni imene mukuchita, osati dzina la kachilombo lokha. Kachilombo komweko n'koopsa kwambiri mukamakazunguza mu centrifuge (makina ozunguza machubu mothamanga) kusiyana ndi mukamakayang'ana pa galasi louma, chifukwa kuzunguza, kugwedeza ndi kupopera kumatulutsa timadontho tosaoneka touluka mumpweya. Ntchito zotere zichitikire mu biosafety cabinet.

Pipette, kachubu koyezera ndi kusamutsira zamadzimadzi, isakokedwe ndi pakamwa, ngakhale muli madzi okha. Singano ikagwira ntchito isavindikiridwenso. Ambiri amadzibaya pobwezera kachivindikiro. Iponyeni m'bokosi la zobaya limene lili pafupi ndi dzanja, ndipo bokosilo litsekedwe likafika magawo atatu mwa anayi. Ogwira magazi a anthu alandire katemera wa hepatitis B asanayambe.

Mu centrifuge, machubu oyang'anizana alemere mofanana. Ayezeni pa sikelo, osati ndi maso. Chubu cha tizilombo chikasweka mkati, zimitsani, musatsegule kwa mphindi 30 kuti timadontho tikhazikike.

Autoclave imapha tizilombo ndi nthunzi ya madigiri 121 kwa mphindi zosachepera 15, koma mphindizo zimawerengedwa nthunzi itafika pakati penipeni pa katunduyo. Thumba lodzaza zinyalala limafuna mphindi 30 mpaka 60, lisamangidwe kothina, ndipo muthiremo madzi pang'ono. Tepi yosintha mtundu imangosonyeza kuti kunja kwa thumba kunatentha. Umboni weniweni ndi kachubu ka njere za bakiteriya wosafa msanga ndi kutentha (Geobacillus stearothermophilus) koikidwa pakati pa katundu, kamodzi pa mwezi kapena kuposerapo. Zivindikiro za mabotolo zikhale zomasula, mabotolo asadzaze kupitirira magawo awiri mwa atatu, ndipo mukamaliza dikirani geji ifike pa ziro, mutsegule chitseko pang'ono, mudikirenso mphindi 10. Madzi otentha kupitirira mlingo amawira mwadzidzidzi mukagwedeza botolo. Bulichi ndi zosungunulira zoyaka zisalowe mu autoclave.

8. Zinyalala

Mabotolo ambiri ophulika m'malabotale ndi a zinyalala, chifukwa ndi m'mene anthu osiyanasiyana amathira zinthu zosiyanasiyana mosaganiza. Chofala kwambiri ndi nitric acid wothiridwa m'botolo la acetone kapena ethanol. Poyamba pamakhala zii, munthu amatseka chivindikiro n'kupita, kenako gasi amadzaza ndipo botolo limaphulika patapita mphindi kapena maola. Botolo lililonse la zinyalala likhale la mtundu umodzi, lilembedwe dontho loyamba lisanalowe, ndipo lisadzaze kupitirira magawo anayi mwa asanu. Zosungunulira za klorini monga chloroform zikhale ndi botolo lawo. Zosakaniza zimene zimatulutsabe gasi, monga aqua regia ndi piranha (zosakaniza za ma asidi amphamvu), zisatsekedwe ndi chivindikiro chomata.

Bulichi asakumane ndi asidi, ammonia, kapena mankhwala otulutsira RNA okhala ndi guanidine thiocyanate. Zonsezi zimatulutsa mpweya wapoizoni. Sodium azide asathiridwe mu sinki, chifukwa m'mapaipi a kopa kapena mtovu amapanga mchere wophulika umene umadikira pulambala. Magalasi osweka akhale ndi bokosi lawo, kuti osesa asachekeke.

9. Konzekerani tsiku loipa

Kasupe wotsukira maso ndi shawa ya ngozi zikhale poti munthu wosaona angafikepo m'masekondi 10, popanda chitseko chokhoma kapena makatoni panjira. Zitsegulidwe sabata iliyonse, wina alembe pa khadi. Madzi okhalitsa m'paipi amachita dzimbiri ndi tizilombo, ndipo tsiku la ngozi si loti mudziwire kuti mpopi unauma. Mankhwala akalowa m'maso tsukani mphindi 15 zathunthu, zikope zitatsegulidwa ndi zala. Mphindi 15 n'zambiri kwa munthu womva ululu, choncho mnzake aziwerenga nthawi. Pa shawa zovala zonyowa ndi mankhwala zivulidwe madzi akuthira. Manyazi amavulaza anthu pamenepa, ndiye sungani gawuni yoyera kapena bulangeti pafupi, ena atuluke. Zovala zikagwira moto, shawa ngati ili pafupi. Apo ayi gwani pansi mugubuduke. Musathamange.

Mankhwala ena ali ndi chithandizo chawochawo chimene chiyenera kukhalapo botolo lisanagulidwe n'komwe. Hydrofluoric acid wosungunula sapweteka msanga, ululu ungayambe patapita maola, pomwe iye akulowa mkati kukadya calcium wa m'thupi. Tsukani mphindi 5, pakani mafuta a calcium gluconate a 2.5 pa 100, mupite kuchipatala ngakhale pakhungu pakuoneka bwinobwino. Onani tsiku lothera ntchito la mafutawo. Phenol amachititsa dzanzi pakhungu, ndipo amachotsedwa bwino ndi polyethylene glycol 300 kapena 400. Ngati palibe, madzi ambiri a shawa, osati ochepa ongomufalitsa. Wopita kuchipatala atenge SDS.

Zotayika zigaweni pawiri. Zochepa, zodziwika, zosatulutsa nthunzi yoopsa, mungapukute nokha: chenjezani anzanu, valani zodzitetezera, zungulizani mchenga kapena zoyamwa kuyambira m'mphepete kulowa pakati. Asidi muphe mphamvu ndi sodium bicarbonate. Zatizilombo ziphimbeni ndi mapepala, thirani bulichi wosungunula gawo limodzi pa magawo khumi, wosakanizidwa tsiku lomwelo, mudikire mphindi 20 mpaka 30. Zochuluka, zosadziwika kapena zokutsokomoletsani: tulukani, tsekani chitseko, itanani thandizo.

Moto wa sodium, potassium kapena magnesium usathiridwe madzi kapena chozimitsira cha carbon dioxide. Umafuna chozimitsira cha gulu D (cha moto wa zitsulo) kapena mchenga wouma. Moto uliwonse, lizani alamu kaye, ndipo muzimitse pokhapokha ndi waung'ono ndipo khomo lili kumbuyo kwanu. Pachitseko cha labotale kunja pakhale khadi la zoopsa zimene zili mkati ndi manambala a foni a anthu awiri oyankha usiku.

10. Anthu: kuphunzitsa, kugwira ntchito wekha, ndi zongotsala pang'ono

Maphunziro a m'holo a tsiku limodzi ndi chiyambi chabe. Wachilendo aphunzire ntchito yoopsa iliyonse m'magawo atatu: aonerere, achite wina akumuyang'ana, kenako achite yekha atasainiridwa. Tsiku loyamba muyende naye, agwire yekha chogwirira cha shawa, aone swichi yaikulu ya magetsi ndi valavu ya gasi, atuluke pa khomo la ngozi. Ndipo zimene mkulu wa labotale amachita n'zimene ophunzira amatengera. Pulofesa akalowa wopanda magalasi, lamulo la magalasi latha, kaya lalembedwa pa zikwangwani zingati.

Lembani mndandanda wa ntchito zoletsedwa munthu ali yekha: zoyaka zokha zikakumana ndi mpweya, hydrofluoric acid, gasi wapoizoni, magetsi amphamvu, makina ozungulira. Mu April 2011 wophunzira wa pa Yale University anafa usiku ali yekha m'chipinda cha makina, tsitsi lake litakoledwa ndi makina osemera zitsulo. Panalibe woti azimitse. Pa ntchito zina zololedwa usiku, pakhale mnzake womuimbira pa nthawi yogwirizana, wodziwa chochita foni ikapanda kuyankhidwa. Zoyesa zosiyidwa usiku wonse zikhale ndi khadi la zimene zili mkati, mwini wake ndi kazimitsidwe kake, ndipo mapaipi a madzi oziziritsa amangidwe ndi waya kapena zomangira, chifukwa usiku mphamvu ya madzi imakwera ndipo paipi imavuka.

Kenako pali zinthu zimene zinangotsala pang'ono kukhala ngozi: botolo lotupa, kuthetheka pa soketi, sirinji yovuka popanda wopsa. Mu March 2016, pa University of Hawaii, thanki ya malita 49 yokhala ndi haidirojeni, okosijeni ndi carbon dioxide inaphulika, wofufuza wina n'kuduka mkono. Ofufuza ngoziyo anati choyatsa chinali kuthetheka kwa magetsi odziunjikira, popeza thankiyo sinalumikizidwe ku nthaka, ndiponso kuti ngoziyo isanachitike kathanki kena kakang'ono kanali kataonetsa kale vuto lofanana, koma ntchito sinaimitsidwe. Zotere zimanenedwa pokhapokha wonenayo sakuopa. Wophunzira amadalira mphunzitsi wake pa digiri, pa ndalama ndi pa kalata ya ntchito, ndiye sangaulule msanga ngati akudziwa kuti adzadzudzulidwa pagulu. Patulani mphindi zisanu zoyambirira za msonkhano wa labotale wa sabata iliyonse kuti mukambe zoterezi, funso likhale lakuti chinalola n'chiyani kuti zichitike, osati wachita ndani. Wina alembe chimene chisinthe, amene achite, ndi tsiku lake. Aliyense, ngakhale wa chaka choyamba, akhale ndi ufulu woimitsa ntchito imene akuiona kuti siili bwino.

Kamodzi pa mwezi anthu awiri ayendere labotale ndi pepala, ndipo mmodzi akhale wa labotale ina, chifukwa maso ozolowera saonanso waya wosupuka kapena katoni yotseka khomo.

Wophunzira akamamaliza, asasainiridwe zochoka asanayende ndi katswiri wa labotale pa tebulo lake, mu firiji ndi mu freezer. Chilichonse chimene anapanga chilembedwe dzina lonse n'kupatsidwa mwini watsopano, kapena chipite ku zinyalala iye akadalipo woti anene kuti muli chiyani. Makiyi abwezedwe, dzina lake lichotsedwe pa khadi la pachitseko, ndipo kalembera wa mankhwala uja akonzedwe tsiku lomwelo.